Canvas, kalenda ndi kabuku ka zithunzi ngati mphatso ya agogo: zomwe zinayenda bho ndi zomwe zinandikwiyitsa

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene mulibe taimu yowerenga zambiri muzipitiriza zanu: sevisi yotsukitsa zithunzi pa intaneti yomwe ndinagwiritsa ntchito pokonza mphatso ya Khirisimasi ya agogo anga ndikuipatsa 4 pa 5. Canvas yawo, chithunzi chosindikizidwa pa nsalu yokokedwa pa thabwa, ndi yabwino zedi, kalenda ili bho koma zilembo zake ndi zazing'ono mopanda ulemu, kabuku ka zithunzi nde kaya, ndinena pansipa. Koma chomwe ndikufuna kukambapo kwambiri si pepala kapena inki ayi, ndi nkhani yosankha chithunzi chenichenicho, chifukwa anthu awa amatsuka chilichonse chomwe mwawatumizira, olo chikhale cha mbuu olo mutu wa mwana udulidwe pakati makina awo alibe nazo ntchito, ndipo app yawo imakukankhirani ku zithunzi zomwe zimaoneka bwino pa foni, osati zomwe munthu wa zaka za m'ma 80 angazione bwino atakhala pampando wake.

Kagwiritsidwe kake sikovuta. Mumatsitsa app, mumailola kuona zithunzi za mu foni, mumasankha chomwe mukufuna, kaya canvas kaya kalenda kaya kapu, kenako mumakoka chithunzi nkuchiika pamenepo ndipo imakuonetsani mmene chidzatulukire. Apa sindingawanamizire, app imathamanga, siimaima imaima, ndipo ukaitseka mwangozi ntchito yako umaipeza momwemo. Chomwe chinanditopetsa ndi kagawo kamene amati kakusankhirani zithunzi zabwino kwambiri. Ndinakayesa kuti ndione, nde kanandibweretsera dzuwa likulowa, maluwa, ma selfie anga awiri, ndi chithunzi cha gulu lonse la pa ukwati. Mwachidule kanasankha zomwe zingapeze ma like pa Facebook. Kompyuta imayang'ana mitundu yowala, kuthwa kwa chithunzi ndi mano oonekera basi, siingadziwe kuti agogo anu dzuwa akhala akuliona likulowa kwa zaka 80 ndipo sakulisowa pakhoma, chomwe akusowa ndi nkhope ya mdzukulu amene amangomumva pa foni. Kagawo kameneko kadumpheni, sankhani nokha.

Tiyambe ndi chithunzi cha gulu, poti ndi chomwe aliyense amathamangira. Maganizo ake ndi omveka, aliyense alimo, palibe amene adandaule kuti ine mwandisiya. Koma tawerengani anthuwo. Banja la anthu 20 ataima mizere itatu, mukatsuka pa saizi ya 10 x 15 cm nkhope ya munthu aliyense imatuluka ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, ndipo olo mukulitse kufika 30 x 40 imakhalabe yaing'ono kwa munthu amene akuionera patali. Agogo anga ali nacho chimodzi chotere pakhoma, anawapatsa msuweni wanga kale, chokongola ndithu mu felemu ya galasi. Mlendo akafunsa kuti awa ndi ndani, amadzuka, kuchichotsa pa msomali, kupita nacho pafupi ndi windo, kuvala magalasi, kuchibweretsa mpaka pamphuno, kenako kumaloza ndi chala mmodzi mmodzi, nkufika pa mzere wakumbuyo kumafunsa kuti kodi uyu ndi ndaninso, pomwe ndi mwana wawo weniweni. Chithunzi chimene chimafuna ntchito yonseyo kuti munthu achione chimakhala cha alendo, mwini nyumba sachiyang'ana tsiku ndi tsiku. Komanso pa anthu 20 sipalephera wina watsinzina, wina akuyang'ana kumbali, mwana wina akulira, ndipo amene akulirayo ndi amene agogo amamukonda kwambiri, zimangokhala choncho.

Ife achinyamata timaiwala kuti maso amakalamba. Kuona zapafupi kumayamba kuvuta munthu akangopitirira zaka 40, nchifukwa chake makolo athu amatalikitsa foni akamawerenga meseji. Kenako kamwana ka diso kamachepa ndipo kagalasi ka mkati mwa diso kamayamba kuchita chikasu, moti munthu wa zaka 60 kuwala komwe kumafika mkati mwa diso lake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala komwe amalandira wa zaka 20. Tanthauzo lake pa nkhani yathuyi ndi loti chithunzi chomwe inu mukuti chili ndi kamdima kosangalatsa, kwa agogo ndi mdima weniweni. Mitundu yoyandikana monga buluu woderapo ndi wakuda imasakanikirana. Ngati ali ndi ng'ala nde kunyezimira kumawavutitsa kwambiri, galasi la felemu kapena pepala lonyezimira la glossy likalandira kuwala kwa babu amangoona choyera chokhachokha. Nchifukwa chake ndinasankha canvas, ilibe galasi, siinyezimira, mukhoza kuiona kuchokera mbali iliyonse ya chipinda. Ngati mukufuna pepala sankhani la matte, losanyezimira. Onjezaninso apa kuti sikirini ya foni imatulutsa kuwala kwakekwake pomwe pepala limangobweza kuwala kwa mchipindamo, choncho chithunzi chilichonse chikatsukidwa chimatuluka chakuderako kuposa mmene mumachionera pa foni, makamaka kwa enafe amene brightness timaiika pamapeto. App iyi ilibe chenjezo lililonse pa zimenezi ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ndawachotsera malikisi. Walitsani chithunzicho pang'ono musanatumize, makamaka pankhope.

Nde chithunzi chabwino ndi chiti? Kwa ine ndi cha munthu mmodzi kapena awiri, atatu akachulukitsa, nkhope zazikulu zodzaza theka la chithunzi kapena kuposa, maso akuoneka, kumbuyo kopanda zambiri. Chojambulidwa masana pamthunzi kapena pafupi ndi windo, osati padzuwa la 12 koloko lomwe limapangitsa anthu kutsinzinira nkumaika mithunzi yakuda pansi pa maso, osatinso usiku ndi flash. Ma selfie asiyeni, kamera yakutsogolo pa mafoni ambiri ndi yofooka kuposa yakumbuyo komanso ukaiyandikira imakulitsa mphuno ndi chipumi, pa foni sizioneka kwambiri koma pa 30 x 40 pakhoma aaa, mdzukulu amasanduka munthu wina. Ma filter aja osalalitsa khungu nawonso ayi. Agogo amafuna kuona kachipsera ka pachibwano kamene akukumbukira tsiku lomwe mwanayo anagwa, amafuna kuona mpata wa pamano, makutu otengera kwa agogo aamuna. Ndizimene amayang'ana, kuti uyu wafanana ndi ndani. Mukasalalitsa zonsezo mwachotsa nkhani yoti akambe.

Chinthu china chomwe anthu ambiri sachiganizira, agogowo akhalemo. Timakonda kupereka zithunzi za ana okhaokha ngati kuti agogo ndi oonerera basi. Pa canvas ine ndinaika chithunzi cha agogo atanyamula mwana wa mchemwali wanga, khanda la miyezi yochepa, iwo sakuyang'ana kamera konse akuyang'ana mwanayo, dzanja lawo lamakwinya lili pamutu pake. App inachiika pansi penipeni pa mndandanda wake poti palibe amene akumwetulira kamera. Koma samalani apa, funsani munthu amene amawadziwa bwino ngati iwo angakonde mmene akuonekera. Achikulire nawonso amadziona, olo ali ndi zaka 85 safuna kupachikidwa pakhoma tsitsi lili nyankhalala kapena atavala chovala chogonera, kapena chithunzi chomwe anajambulidwa atangotuluka mchipatala ataonda. Inu mukhoza kuona chikondi, iwo nkumaona matenda. Mayi anga ndi amene anandiuza kuti pa zithunzi ziwiri zofanana sankha ichi, poti apa avala chovala chimene amachikonda, ndipo ananena zoona, chinthu choyamba chomwe agogo anatchula atatsegula si mwana ayi, ndi chovalacho kkkk.

Zithunzi za mwana akuchita chinachake zimaposa za mwana wangoima njo. Akuwerenga, akuthirira mbewu, akukwera njinga, wagwira satifiketi yake. Chifukwa chake nchakuti mlendo akabwera agogo amakhala ndi poyambira, uyu ndi wa mwana wanga wachiwiri, amakonda zakutizakuti. Mphatso ya chithunzi kwa munthu wachikulire theka la ntchito yake ndi imeneyo, kuonetsa anthu. Za malo okongola omwe inu munapitako ku holide, mapiri, nyanja, zomwe munadya, zisungeni, ndi zanu zimenezo. Pokhapokha ngati malowo ndi awo, nyumba yomwe anakuliramo, sukulu yomwe anaphunzitsa, tchalitchi chomwe anakwatirira, apo nde nkhani ina.

Tsopano ndale za m'banja, poti tisanamizane zilipo. Mukapachika mdzukulu mmodzi pa canvas yaikulu, azakhali ena afunsa kuti nanga anga ali kuti, ndipo amene avutike kuyankha si inu, ndi agogo amene akukhala ndi khomalo. App ili ndi njira ya collage, kuika tizithunzi 9 kapena 16 pa canvas imodzi, koma mukatero mwabwereranso ku vuto lija la nkhope zazing'ono. Apa ndi pomwe kalenda inandithandiza. Miyezi 12, tsamba lililonse banja limodzi kapena mdzukulu mmodzi, chithunzi chachikulu, ndipo ndinayesetsa kuti munthu aliyense aoneke pa mwezi womwe anabadwa. Mukhozanso kulemba pa deti lenilenilo kuti lero ndi tsiku lobadwa la uje. Ndinatenga ya A3, yomwe ndi 29.7 x 42 cm, pepala lake ndi lolimba bwino, waya wa pamwamba sunapindike, kabowo kopachikira nkolimba. Mitundu inatuluka bwino, khungu la anthu silinafiire kapena kuchita phulusa, chomwe ndimaopa kwambiri poti ma pulinta ena khungu lakuda amangolipanga bii osaoneka maso.

Koma zilembo, mxii. Manambala a madeti ndi apakatikati, sindingadandaule kwambiri, koma mawu omwe umalemba wekha mu kabokosi ka deti ndi aang'ono ndiponso otuwa, ndipo palibe pokulitsira, ndinafufuza paliponse. Kampani imene pa tsamba lake ili ndi gawo lonse lotchedwa mphatso za agogo, nkumapanga zilembo zoti ine wamaso abwinobwino ndiziwerenga motsinzinira? Ndinachita kutenga maka yakuda nkulembanso maina onse pamanja kalendayo itafika. Ngati mukuoda, sankhani dizaini yosavuta kwambiri, manambala akuda pa pepala loyera, yopanda maluwa kumbuyo kwa madeti, ndipo mabokosi asiyeni opanda kanthu mudzalembe nokha ndi zilembo zikuluzikulu. Zimaonekanso zaumunthu kuposa zamakina.

Mwezi wina pa kalendayo ndinaika chithunzi chakale, ndipo apa ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndikuona kuti ndi mutu womwe umaposa yonse ngati mwauchita bwino. Akatswiri oona za kakumbukiridwe ka anthu anapeza kalekale kuti munthu akakalamba zomwe amakumbukira kwambiri ndi zimene zinachitika ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 30, osati za chaka chatha. Aliyense amene anakhalapo pansi ndi agogo ake akudziwa zimenezi popanda buku, za dzulo aiwala koma dzina la mnzawo wa kusukulu ndi mtundu wa diresi yomwe anavala tsiku lakuti akukuuzani osaphonya. Choncho chithunzi chawo ali mtsikana kapena mnyamata, cha pa ukwati wawo, cha tsiku loyamba pa ntchito, atanyamula mwana wawo woyamba amene lero ndi bambo anu a imvi, chimagwira mtima mwanjira ina. Chovuta nchakuti zithunzi zotere zimakhala zazing'ono, zofwifwa, zopindika m'makona, zina zili mu alubamu yomatira yomwe ukayesa kuchotsa chimang'ambika.

Musachijambule ndi kamera ya foni mwachisawawa chili patebulo, chimatuluka chopendekeka ndi kuwala kwa babu pakati pa nkhope. Ngati mungapeze sikana, sikanani pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, kachithunzi ka 9 x 13 cm kamatuluka ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 2100 x 3000, okwana bwinobwino tsamba la kalenda. Ngati ndi kachithunzi ka pasipoti ka 35 x 45 mm kwezani kufika 1200 dpi, komabe musayembekezere zozizwitsa, kukulitsa kopitirira katatu kumayamba kuoneka mbuu chifukwa zomwe sizinalimo mu kapepalako sizingatulukemo. Ngati sikana palibe, pali app ya Google yotchedwa PhotoScan, inatuluka mu 2016, imakuuzani kuloza foni pa timadontho tinayi nkuphatikiza zithunzizo kuti kunyezimira kuchoke. Imagwira ntchito, ine ndinagwiritsa imeneyo pa chithunzi chomwe chinali chomatidwa mu alubamu.

Sevisi yotsukayi ilinso ndi batani lokonzera zithunzi zakale ndi AI (nzeru za kompyuta), kuchotsa mikwingwirima, kuthwetsa nkhope, ngakhale kuika mitundu pa chithunzi cha black and white. Kuchotsa mikwingwirima ndi timadontho kunayenda bwino. Koma kuthwetsa nkhope kuja, abale, ndinalidina nkuona munthu wachilendo akundiyang'ana. Maso anakula, milomo inasintha, mano anakhala ofanana bwinobwino, mkazi wokongola ndithu koma si agogo anga. Pulogalamu yotere siikumbukira nkhope ya munthuyo, imangopeka kuchokera ku nkhope zina zomwe inaphunzirapo. Mitundu nayonso ndi yopeka, diresi inaipanga yabuluu pomwe mwini wake akudziwa bwino lomwe kuti inali mtundu wanji. Inu simungazindikire, iwo azindikira pompopompo. Chisiyeni chikhale black and white ndi kambuu kake, ingowonjezerani contrast (kusiyana kwa powala ndi pakuda) pang'ono kuti chioneke bwino kwa maso okalamba. Ndipo chenicheni chija mukamaliza bwezani pomwe munachitenga, musachitaye poti mwapanga chatsopano.

Chenjezo limodzi lokha pa zithunzi zakalezi, ngati muli munthu amene anatisiya, makamaka ngati maliro ake sanatalike, funsani kaye. Ena zimawatonthoza kuona amuna awo kapena akazi awo pakhoma tsiku lililonse, ena zimawadzutsira chisoni, ndipo kutsegula mphatso yotere pagulu, ana akusewera nyimbo zikulira, si malo ake. Ine chithunzi chomwe muli malemu agogo aamuna sindinachiike pa kalenda, ndinachitsukitsa pachokha chaching'ono nkuwapatsa tili awiri kuti asankhe okha pochiika.

Tibwere ku ma pixel, gawo lotopetsa koma lomwe limagwetsa anthu ambiri. Kuti chithunzi choonera pafupi chituluke chakuthwa pamafunika ma pixel 300 pa inchi iliyonse. Nde 10 x 15 cm imafuna pafupifupi 1200 x 1800. Kamera ya 12 megapixel, ngati ya ma iPhone ambiri, imatulutsa 4032 x 3024, zomwe zimakwana mpaka pafupifupi 34 x 26 cm pa kwalite yapamwamba, ndipo pa canvas yoonera patali theka la 300 limakwana, choncho mukhoza kufika 60 cm osadandaula. Vuto limabwera mukayamba kutolera zithunzi kwa abale. Mukati tumizani zithunzi za ana, aliyense amatumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi kufika ma pixel pafupifupi 1600 mbali yaitali kuti data isathe. Pa foni chimaoneka bho, pa 10 x 15 chimapirira, koma pa canvas ya 60 cm ndi ma pixel osakwana 70 pa inchi, nkhope imachita timabokosi. Choipitsitsa ndi screenshot ya chithunzi cha pa status kapena chotsitsa pa Facebook, chadutsa kale mmakina ochepetsa kangapo. Auzeni atumize ngati Document, chimabwera chathunthu, kapena adine HD yomwe WhatsApp inabweretsa mu 2023, ngakhale Document ndi yomwe ndimaikhulupirira. Ndipo chichokere kwa amene anajambula, osati kwa amene anangotumiziridwa. Mudzatopa kufotokoza zimenezi kwa amalume, koma limbikirani.

App ili ndi kachizindikiro kochenjeza chithunzi chikakhala chaching'ono, koma ndi kofatsa kwambiri, kamayaka zinthu zitaipiratu. Chithunzi china cha pa WhatsApp chinadutsa popanda chenjezo pa tsamba la A3 ndipo ndikuchiona kuti nchofewa kuposa zinzake. Osadalira kachizindikiroko, tsegulani details ya chithunzi muone manambala nokha. A iPhone dziwaninso kuti kuyambira 2017 zithunzi zanu zimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC osati JPEG, app ya pa foni inazilandira popanda vuto koma nditayesa pa kompyuta tsamba lawo linakana mpaka nditazisintha.

Saizi nayo ili ndi msampha. Poyerekeza mbali yaitali ndi yaifupi, foni imajambula 4:3, pomwe 10 x 15 ndi 40 x 60 ndi 3:2, kutanthauza kuti pafupifupi 11 peresenti ya mbali yaifupi idulidwa, ndipo app imadula yokha mofanana uku ndi uku osayang'ana kuti pali mutu wa munthu. Saizi ya 30 x 40 ndi 4:3 yeniyeni, palibe chodulidwa, ndi yomwe ndinatenga. Komanso canvas imakulungidwa pa thabwa, lawo ndi lochindikala 2 cm kapena 4 cm, nde ngati mwasiya kuti chithunzi chizungulire m'mbali, masentimita amenewo amachoka kutsogolo mbali zonse zinayi. Chithunzi chomwe mutu uli pafupi ndi m'mphepete, tsitsi limakathera pamwamba pa thabwa. Pali posankha kuti m'mbali mukhale moyera, mwakuda, kapena mobwereza m'mphepete mwa chithunzi, koma anakabisa pansi pa kabatani kakang'ono. Ndinasankha moyera.

Canvas itafika ndinaiyang'anitsitsa ndithu. Nsalu ndi yokokedwa bwino, ukaigogoda ndi chala siikhwepa. Makona anapindidwa mwaudongo, ma stepulo onse ali kumbuyo pamzere, palibe lotulukira loti nkubaya munthu. Thabwa ndi louma komanso lopepuka, ndinainyamula ndi zala ziwiri, zomwe ndi zofunika chifukwa msomali umodzi ukukwana ndipo ikagwa palibe galasi loti nkusweka. Makwinya a padzanja la agogo akuoneka limodzi limodzi, ngakhale timizere ta nsaluyo timafewetsa pang'ono zinthu zing'onozing'ono monga nsidze za mwana, chifukwa chinanso chosaikira gulu la anthu pa canvas. Inabwera ndi kachitsulo kopachikira koma kosamangirira, uyenera kukhoma wekha ndi timisomali tiwiri tating'ono kwambiri, ntchito yoti agogo sangaithe, choncho khomeranitu musanakulunge mu pepala la mphatso. Fungo la inki linalipo pang'ono koma linatha msanga. Amati inki yake ndi ya pigment, yomwe imapirira kuwala kuposa ya dye, komabe musaipachike pomwe dzuwa limawomba mwachindunji kapena pakhoma la chinyezi.

Kabuku ka zithunzi sindikhalitsapo. Kusindikiza kuli bwino, koma kamene ndinatenga ndi kachikuto chofewa ndipo sikakhala kotsegula, ukangochotsa dzanja kamadzitseka, chithunzi chodutsa masamba awiri pakati pake pamamezedwa. Kwa munthu amene zala zimamupweteka ndi ntchito. Alipo ena amasamba olimba otseguka mpaka kugona, ngati mukufunadi buku tengani amenewo, chithunzi chimodzi pa tsamba, dzina ndi chaka pansi pake ndi zilembo zazikulu. Kwa agogo amene ayamba kuiwalaiwala mainawo ndi ofunika kuposa zokongoletsa zonse. Makapu, mapilo ndi ma key holder a zithunzi sindinaode ndipo sindikuona chifukwa, pa kapu nkhope imapindika ndipo achikulire ambiri amakaisunga mkabati kuopa kuti ingasweke, nde ndani akuiona. Felemu ya digito yosintha zithunzi yokha ndi yabwino ngati pali wina pakhomopo woisamalira, poti imafuna magetsi nthawi zonse ndipo zambiri zimafuna WiFi kuti muzitumiza zatsopano.

Pa kabweretsedwe, katundu anabwera mu makatoni awiri osiyana masiku osiyana popanda kundiuza, moti kalenda itafika yokha ndinaganiza kuti canvas yasowa. Ndinawalembera, anayankha tsiku lomwelo, munthu weniweni osati robot, nkundipatsa nambala yachiwiri yolondolera. Kapakidwe ndi kabwino, makona a canvas anali ndi zotchingira ndipo yonse inali mu pulasitiki. Amalola kubweza ngati cholakwa ndi chawo, koma ngati chithunzi chanu chinali cha mbuu kapena munalemba dzina molakwika zimenezo ndi zanu, nde werengani maina kawiri musanalipire, makamaka a ana a asuweni omwe masipelo awo ndi amakono aja. Masiku omwe amalemba pa tsamba ndi otsukira okha, a panjira ndi ena, ndipo mu Disembala aliyense akuoda nthawi imodzi. Ngati mukufuna kalenda ya banja lonse yambani kupempha zithunzi mu Okutobala, chifukwa kampani imachedwa masiku koma abale amachedwa masabata, ndipo sipalephera mmodzi amene adzatumize screenshot usiku woti mawa mukuoda.